Funsani aNaPhiri: Thupi limakumbuka kumene linakulira

Makalata a mwezi uno ndinawayala pamphasa Lamulungu madzulo, ndipo anayi ndinawaika pambali chifukwa akulira chinthu chimodzi ngakhale eni ake sadziwana. Kwa inu amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndine namwino wopuma pantchito. Ndinabadwa mu 1958 m'mudzi wina kufupi ndi Chadiza, tauni ino ya Chipata ikutchedwabe Fort Jameson, ndipo zaka zanga zambiri ndinazithera pa sikelo ya ana ndi m'chipinda cha amai oyembekezera m'zipatala zazing'ono za kuno kum'mawa. Mayankho angawa salowa m'malo mwa dokotala amene wakugwirani dzanja n'kukuyezani.

FUNSO: Amai NaPhiri, ndine bambo wa zaka 46. Ndinakulira ku Vubwi tikulima fodya ndi nshawa. Mu 2009 ndinabwera m'tauni ndipo tsopano ndili ndi kashopu ka zitsulo. Mwezi watha ndinamva chizungulire, kuchipatala anapeza BP ya 168/102, shuga nayenso wakwera. Amai anga akuti akumudzi andiponyera chifukwa ndamanga nyumba ya malata. Atate anga anamwalira ndi zaka 81 osamwapo mapiritsi, nsima yomweyi, mchere womwewu. Nanga ine ndalakwa pati? — aBanda, Kapata

YANKHO: ABanda, simunalakwe ndipo palibe amene wakuponyerani. Koma mawu akuti "nsima yomweyi" ndiwakana, chifukwa ndipamene pagona nkhani.

Kumbukirani tsiku la atate anu. Tambala wachiwiri akamalira anali atanyamula kale khasu. Munda unali kutali, ankapita wapansi. Mizere ya fodya, nkhuni za chigafa, kusenza matumba, kukaona mlamu wodwala mudzi wachitatu, zonse ndi mwendo kapena njinga. Achikulire anzanga akukumbukira njinga za Eagle zimene ankapanga muno m'Chipata pa fakitale ya Luangwa Industries. Munthu ankapalasa kuchoka ku Chadiza kubwera ku boma ndi thumba kumbuyo. Nsima imene atate anu ankadya masana inkapsa m'thupi mwao ngati chiputu pamoto, pofika madzulo yatha. Tsopano onani tsiku lanu. Mumadzuka, tiyi wa masipuni atatu a shuga ndi buledi kapena vitumbuwa, njinga yamoto ikutengani pakhomo n'kukutulani pakhomo pa shopu, mumakhala pampando kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa kulowa, wonyamula simenti ndi mnyamata wanu. Mbale ya nsima sinachepe, mwinanso yakula chifukwa ndalama ilipo. Yachepa ndi ntchito yoipsereza.

Ndiponso ufa si womwewo. Mgaiwa uli ndi gaga, ndipo gaga amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Ufa woyera wa m'thumba, umene timautcha bulekifasiti, auchotsa zonsezo, umalowa m'magazi mothamanga. Ndiwo za kwanu zinali chiwawa chotendera, therere, mfutso, nyemba, mbewa pa nyengo yake, nkhuku pakabwera mlendo. Saladi ankagula wa m'kabotolo pa Khirisimasi. Lero ndiwo ikapanda kuyandama m'saladi timati mai wa pakhomo sadziwa kuphika. Onjezani soseji, tizidutswa tokometsera ndiwo todzala mchere, ndi botolo la zoziziritsa kukhosi: la 500 ml limakhala ndi shuga woposa masipuni aang'ono 10. Palibe munthu angathire masipuni 10 m'kapu ya tiyi anthu akuona, koma m'botolo timameza osadziwa.

Pali chinanso chimene ndikufuna mumve, chifukwa chimachotsa manyazi. Thupi la mwana limapangana ndi dziko akadali m'mimba. Mai akamalima ndi mimba m'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, mwana amabadwa wochepa thupi, ndipo impso zake, kapamba wake ndi mitsempha yake zimaumbidwa mokonzekera moyo wa chakudya chochepa. Thupi lotere limadziwa kusunga, silidziwa kutaya. Dokotala wina wa ku England, David Barker, anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti ana obadwa ochepa thupi ndiwo ankadwala kwambiri mtima atakula. Ku Netherlands nako, ana amene anali m'mimba pa njala ya nkhondo ya 1944 mpaka 1945 anapezeka ndi shuga ndi matenda a mtima kuposa anzao atafika msinkhu wanuwu. M'mera m'poyamba, anatero akale. Ine pa sikelo ndinayeza ana ambirimbiri amene mzere wao pakhadi unkakwawa pansi, ndipo pa chilala cha 1992, chaka cha chimanga chachikasu, ndinkalemba makhadi misozi ili m'maso. Inu munali mnyamata nthawi imeneyo. Ana aja ndiwo lero ali ndi mashopu, ali m'maofesi, akuyendetsa mabasi a ku Lusaka, ndipo ndiwo akudzaza mabenchi a kiliniki ya BP. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapezabe kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira, choncho mzere umenewu sunathe.

Za atate anu, Mulungu anawadalitsa ndi zaka. Koma dziwani kuti kusamwa mapiritsi si umboni woti BP kunalibe. Kunalibe woyeza. M'mudzi mwathu munali anthu amene "anangogwa" kumunda, ena anapindika kamwa n'kufa mbali imodzi, ndipo pamaliro pankatuluka dzina la mfiti. Ambiri mwa iwo inali sitiroko. Ndinaona mabanja akuswekera pa maliro otere, nkhalamba yosalakwa ikuthamangitsidwa m'mudzi, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Amai anu musawakalipire. Akunena zimene akudziwa, ndipo akunena chifukwa cha mantha pa mwana wao. Atengeni tsiku la kiliniki yanu, nawonso awayeze, amve okha kwa anamwino. Inu mapiritsi imwani tsiku lililonse ngakhale mutamva bwino, chifukwa BP siiwawa pamene ikudya impso ndi maso. Manambala ofunika atsike pansi pa 140/90. Mankhwala a m'mabotolo ogulitsa m'mabasi, oti "amatsuka magazi", asalowe m'malo mwa mapiritsi. Mchere wa tsiku lonse, kuphatikiza wobisika m'buledi ndi m'kapenta, usapose kasipuni kamodzi kakang'ono, ndiwo magalamu 5 amene bungwe la WHO limalangiza. Bwererani ku mgaiwa, mitanda iwiri m'malo mwa inayi, masamba achuluke kuposa nsima. Pitani kushopu wapansi mochangamuka, mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Ndipo tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu, muchipinde pakati: chikalephera kuzungulira mimba pa mchombo, ntchito ilipo. Anzanu adzati aBanda bizinesi yagwa, aonda. Asiyeni. Mimba timaitama ija ndi chikomekome cha nkhuyu.

FUNSO: Mdzukulu wanga amene ndikumlera wakula ali ndi zaka 11 zokha, ali giredi 6. Ine ndinakula ndili ndi 16, amai anganso chimodzimodzi. Anzanga kudimba akuti ndi nkhuku zoyera za m'tauni zimene amazibaya jekeseni. Anamkungwi akuti alowe m'nyumba mwezi uno. Mtima wanga sukuvomera chifukwa mwanayu akusewerabe phada. Ndichite bwanji? — NaZulu, kufupi ndi Mtenguleni

YANKHO: Ambuye, mtima wanu ukuona bwino, ndipo mwana wanu sakudwala. Kusamba koyamba pa zaka 11 masiku ano n'kofala. Chimene chingafune dokotala ndi mwana amene mawere ayamba asanakwane zaka 8, kapena amene wafika 15 kapena 16 osaona kanthu.

Nkhuku zoyera musazinamizire. Zimakula m'masabata asanu ndi limodzi chifukwa cha mtundu wake umene anausankha kwa zaka zambiri, ndi chakudya chimene zimadya usana ndi usiku. Chimene chafulumizitsa atsikana athu n'chakuti thupi limadikira kulemera. Mafuta a m'thupi akafika pamlingo wake amatumiza uthenga ku ubongo kuti nkhokwe yakwana, ndipo ubongo umatsegula chitseko. Inu ndi ine tinkatunga madzi kutali, kusinja, kudwala malungo chaka ndi chaka, njoka zam'mimba zikudya nafe limodzi. Thupi linkachedwa kufika pamlingowo. Ine ndinakula ndili ndi 15. Mdzukulu wanu anagona m'neti, analandira katemera, anamwa mankhwala a njoka pa sabata ya ana, amadya kawiri kapena katatu. Si kuno kokha. Ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800 atsikana ankakula ali ndi zaka 16 kapena 17, lero ndi 12 kapena 13. Kumbali ina ndi umboni woti mwamlera bwino.

Vuto lili apa: thupi lathamanga, koma nzeru sizinathamange nalo. Mbali ya ubongo imene imapima zinthu ndi kuletsa munthu, ya pamphumi apa, imakhwima munthu atapitirira zaka 20. Mafupa a m'chiuno nawonso amakulabe zaka zingapo mtsikana atayamba kusamba. Ndinagwira miyendo ya ana a zaka 13 ndi 14 m'chipinda chochirira, mwana atakakamira masiku awiri panjira ya ngolo, ndipo ena anatuluka ndi fisitula, mkodzo ukungodontha, mwamuna n'kuwathawa. Sindifuna kuonanso zimenezo ngakhale m'maloto.

Chinamwali anachikonza makolo athu mwanzeru, koma anachikonzera mtsikana wa zaka 16 amene ukwati unali pakhomo. Pakati pa kukula ndi kukwatiwa pankapita miyezi. Lero pakati pamenepo pali zaka 10 kapena kuposa, zaka za sukulu. Mwambo wonse ukatsanulidwa pa mwana wa giredi 6, tampatsa mfungulo za nyumba imene sanafike pomanga. Ine sindinena kuti anamkungwi achotsedwe; ndinalangidwa ndi iwo ndipo zambiri ndikuyenda nazo mpaka lero. Ndikuti mwambo ugawidwe. Tsopano amuphunzitse kudzisamalira, kuchapa ndi kuyanika nsalu padzuwa kapena kugwiritsa ntchito mapadi, kuwerenga masiku ake, ulemu kwa akulu, ndiponso kuti thupi lake ndi lake, akane ndi kukuuzani wina akamgwira, ngakhale akhale malume kapena mphunzitsi. Za m'chipinda zidikire alangizi a ukwati pa nthawi yake. Ndipo zichitike pa holide, masiku ochepa, asaphonye kalasi.

Simuli nokha pa maganizo amenewa. Mafumu athu aakulu, aMpezeni ndi Kalonga Gawa Undi, akhala akudzudzula maukwati a ana. Kuyambira kumapeto kwa 2023 lamulo la dziko lino likuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosavomerezeka, ngakhale wa pamwambo. Sukulu za boma n'zaulere mpaka sekondale kuyambira Januwale 2022. Pitani kwa anamkungwi ndi nkhuku m'manja, mukhale pansi monga amai anzao, muwauze kuti mwanayu ndi wa phada. Ambiri a iwo nawonso ali ndi adzukulu a msinkhu womwewo.

FUNSO: Ndili pa koleji. Ambuye anga sadziwa kulemba koma amatchula mibadwo isanu ndi umodzi ya kwathu ndi ngongole zonse za m'mudzi. Ine ngakhale nambala ya amai sindiisunga pamtima, ndipo ndikawerenga tsamba limodzi dzanja lapita kale pafoni. Kodi ubongo wanga wawonongeka? — Mnyamata wa ku Katete

YANKHO: Mwanawe, sunawonongeke. Ubongo uli ngati njira ya kudambo: yopitapita imakula, yosiyidwa imamera udzu. Ku London anayeza ubongo wa oyendetsa matakisi amene amaloweza misewu yonse ya mzindawo pamtima, ndipo mu 2000 ofufuza anafalitsa kuti kachigawo kosunga malo kanali kokulirapo mwa iwo. Ambuye ako analibe posungira pena, nkhani ankazibwereza pamoto, pamaliro, pamilandu. Iwe unapatsa foni ntchito imeneyo ndipo ubongo unavomera. Ukhoza kuitenganso. Powerenga, foni ikhale chipinda china, osati m'thumba. Ukamaliza tsamba, tseka buku unene mokweza zimene wamva, monga momwe ambuye amachitira. Ndipo gona: zimene waphunzira masana ubongo umazikhazika m'tulo, choncho kukhala pa TikTok mpaka 1 koloko n'kukolola m'dengu lobooka. Holide ikubwerayi ukakhale ndi ambuyewo, uloweze mibadwo isanu ndi umodziyo iwo akadali moyo.

FUNSO: Amai, atate anga ali ndi zaka 74. Munda wathu unali m'mbali mwa tauni, ndipo zaka zitatu zapitazo tinagwirizana pabanja kuudula mapuloti. Tinawamangira nyumba yabwino ya magetsi, ng'ombe tinagulitsa. Chiyambire pamenepo amangokhala pakhonde. Sadya bwino, amadzuka pakati pa usiku, kutchalitchi anasiya, ndipo sabata yatha anati "ine ndinatha kale, mukungochedwa kundiika." Akulu anga akuti ndi ukalamba chabe. Ine ndili ndi mantha. — NaTembo, Chipata

YANKHO: NaTembo, mantha anu ali m'malo, ndipo ndayankha kalata yanu ndi mtima wolemera chifukwa ndikuwaona atate anu ngati ndikuwadziwa. Ukalamba suletsa munthu kudya kapena kuseka. Munthu akataya chilakolako cha zonse zimene ankakonda, tulo n'kumathawa, chakudya n'kumabwerera m'mbale, kwa masabata oposa awiri, amenewo ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika ngakhale pa zaka 74.

Choyamba n'chofulumira. Mawu aja oti "mukungochedwa kundiika" musawaseke ndipo musawakalipire. Khalani nawo pafupi muwafunse poyera ngati amaganiza zodzichotsera moyo. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, kumamtula katundu. Lero lomwe chotsani m'nyumba mankhwala onse a thonje, a mbewu ndi a makoswe, chifukwa kuno kwathu ndiwo amatitengera anthu pa ola limodzi la mdima. Kenako apite kuchipatala, ndipo inu mulowe nawo, munene zonse monga mwandilembera. Awayeze magazi, shuga, BP, maso ndi makutu. Nkhalamba zambiri zimene timati zasiya kucheza zimakhala kuti sizikumva bwino ndipo zatopa ndi kufunsa kuti "mwati bwanji?" Auzeninso adokotala ngati atate amaiwala njira kapena maina a ana, chifukwa matenda oiwala ndi ena ndipo amasamalidwa mosiyana. Pa Chipata Central Hospital pali ogwira ntchito za matenda a maganizo. Munthu sachita kukhala wamisala kuti akawaone.

Tsopano za munda. Sindikuweruzani. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo aliyense akuona momwe nyumba zakwerera m'mapiri ndi kutsata misewu ya ku Lundazi, ku Mfuwe ndi ku Mwami. Pamene ndinkaona chimanga ndikupita kuntchito lero pali mipanda ya njerwa. Ana afunika fizi ya koleji, wogula wabwera ndi ndalama m'manja, mvula nayo yosadalirika monga tinaonera mu 2024. Mabanja ambiri achita zimene munachita. Koma kwa inu munda unali chuma, kwa atate anu unali kalendala ndi dzina. Unkawauza nthawi yodzuka, mwezi wosula makasu, tsiku loitana anthu. Unkawapatsa choti apereke: dengu la nshawa kwa mpongozi, dzungu kwa mdzukulu. Bambo amene moyo wake wonse anali wopatsa, lero akulandira mbale kuchokera m'manja mwa ana, ndipo palibe amene amabwera kudzafunsa nzeru zake chifukwa zonse zili pafoni. Walira mvula walira matope: tinafuna tauni, yabwera ndi zake.

Atate anga ine anapita ku migodi ku Kitwe ndili wamng'ono, anakhalako zaka zoposa 20. Atabwerera anapeza anzao a msinkhu wao ena atamwalira, milandu ya m'mudzi ikuweruzidwa ndi anthu amene anawasiya ali anyamata. Anakhala chaka chathunthu pansi pa mtengo wa mango osalankhula, wailesi ili pamwendo. Ine ndinali kale namwino koma sindinadziwe dzina la chimene ndinkaona, chifukwa pa maphunziro athu matenda a maganizo anali a ku chipatala cha Chainama ku Lusaka basi, a anthu omangidwa. Amene anawadzutsa anali anyakwawa, amene anabwera tsiku lina n'kunena kuti ngolo ya mudzi yathyoka ndipo palibe wina wodziwa zitsulo ngati munthu wa ku migodi. Anaikonza masiku atatu. Pambuyo pake anthu anayamba kubweretsa mapulawo ndi njinga, ndipo anakhala zaka zina 14 ali ndi mafuta m'manja.

Choncho pambali pa chipatala, apezereni chinthu chimene chingafe iwo akapanda kudzuka. Osati chongowasangalatsa, adzazindikira n'kukhumudwa. Ngati pabanja panatsala puloti imodzi, musaimange chaka chino. Ikhale dimba lao, ndipo ndiwo za pakhomo panu muzigula kwa iwo ndi ndalama zenizeni. Ngati palibe, khola la nkhuku zachikuda kapena mbuzi ziwiri kuseri kwa nyumba. Adzukulu aziwatumiza kwa ambuye ndi mafunso enieni: malire a mudzi wakale, maina a makolo, kapangidwe ka nkhokwe. Pitani kwa akulu a mpingo wao muwapemphe kuti azibambo anzao aziwadzera Lachitatu lililonse, osati kudzawapempherera ngati wodwala kokha, koma kudzawatenga kukaona odwala ena. Ndipo akulu anu muwaonetse yankho lino, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo inu nokha mudzatopa.

Pali chinthu chimodzi chimene mwina palibe anachichita. Tsiku limene munda unapimidwa, kodi alipo anawafunsa atate kuti akumva bwanji? Atengeni madzulo ena mupite nawo kumene unali, ngakhale pali nyumba za eni. Aloze pamene panali chulu, pamene panali mtengo wa msuku, pamene amai anu ankapumira. Akalira, asiyeni alire, inu mukhale chete pambali pao. Mundilemberenso pakatha mwezi, mundiuze zimene adokotala apeza ndiponso ngati mbale yayamba kubwerera yopanda kanthu.